Mbuzi zaphunzitsa Tiwonge masamu

Monile mose.

Lelo aphunzitsi a Tiwonge wanga wa giledi 1 atumiza masamu pafoni, aja okhala ngati gemu: ukayankha bwino, kamunthu kamalumpha ng'ona. Atate ake akuti, "Bweletsa, ndione kaye ngati ndi zabwino kwa mwana."

Basi akwela nayo pachulu paja pogwila netiweki. Mpaka dzuwa pamutu, munthu wamkulu akukuwa yekha, "Lumpha iwe!" Pamenepo n'kuti nditawasiyila nshawa zoyanika kuti aziyang'anila.

Pochokela kudimba, Tiwonge wandichingamila: "Amama, mphasa za nshawa zinali zisanu, mbuzi zadya ziwili, zatsala zitatu!" Foniyo mwana sanaigwile n'komwe.

Atate ake akunyadila kuti afika levo 6.

Nanga abale, tithokoze ndani, aphunzitsi kapena mbuzi?