Windo Losadikira Odi

Lachitatu lina masana, Priscilla anakhala pansi m'chigafa cha fodya, laputopu yakale ili pamiyendo, misozi ikulengeza. Windo la pulogalamu yake linkangoti kuonekera, nthawi yomweyo n'kuzimiririka. Masabata atatu anali atatha chonchi.

Mtsikanayu anali mwana wa tenanti pa esiteti ina kufupi ndi Mvera. Mayeso a Fomu 4 anawalephera kawiri, moti anthu anali atamuweruza kale kuti adzakalamba akusoka fodya. A Wilson, mphunzitsi wake wakale, ndiwo anam'patsa laputopuyo n'kumuphunzitsa Python, chilankhulo cholamulira kompyuta. Mmenemo anafikapo: ulembe mzere, kompyuta ichite, ulembe wina, mpaka kumapeto, ngati kupalira munda.

Mwayi unadzera kwa a Lucy, namwino wa kachipatala kena kakumudzi, amene ankafuna pulogalamu yowakumbutsa masiku a katemera wa ana. Koma zolemba malamulo pa sikirini yakuda anazikaniratu. Ankafuna mawindo ndi mabatani enieni, ongodina basi. Zikapanda kutheka pofika Lachisanu, ntchitoyo inkapita kwa munthu wa ku Lilongwe.

Apa m'pamene thukuta linatuluka. Zida zopangira mawindo zinali dziko lina: mayina ataliatali, malangizo a Chingerezi chouma gwa. Batani limodzi lokha linamudyera masiku anayi kuti likhale pamalo pake.

Bambo ake, a Andireya, amene chibadwire sanagwirepo kompyuta, ankasoka fodya chapafupi. Atafunsa chomwe chavuta, iye anafotokoza monyinyirika kuti windolo likutsekeka munthu asanalikhudze n'komwe.

"Ndiye windo lakolo n'lamwano," anatero akuseka. "Mlendo asananene odi, ilo latseka chitseko, ulendo kumunda? Mwininyumba amakhala pansi, mwananga, n'kumamvetsera."

Priscilla anayang'ananso pulogalamu yake. Anakumbukira mzere umodzi womwe anaufufuta tsiku loyamba, ataona ngati sukuchita kanthu, ukungoimitsa pulogalamu. Chonsecho ntchito yake inali yomweyo: kudikira. Ataubwezeretsa, windo linakhala phee. Kuyambira pamenepo anamvetsa kuti kudina batani ndi odi, ndipo ntchito yake ndi kulemba odini woyenera.

Lachisanu a Lucy anadina batani, mayina a ana asanu ndi anayi oyenera kubayidwa sabata imeneyo anatuluka. Namwinoyo anamuyang'ana Priscilla n'kunena kuti, "Ntchito ndi yako, Lolemba ulawire."

Lero pulogalamuyo ikugwira ntchito m'tizipatala titatu ta m'mapiri a Ntchisi. Priscilla amayamika a Wilson ndi a Lucy mosabisa, koma pambali pa mzere uja analembapo mawu omwe kompyuta siwerenga: "Zikomo ababa."

Inu amene mwakhala masabata mukulimbana ndi chinthu chokana, musanyoze wokulangizani chifukwa manja ake akununkha fodya. Ndipo musafulumire kutseka chitseko, mwina odi wanu ali pakhomo. Osataya mtima.