Ba Dadi Ayankhula pa Salaula

Muli shani nonse.

Lero pochokera kuchipatala ndi Ba Dadi tinadzera pamsika wa ku Kabwata. Mukudziwa kuti chidwalireni sitiroko sanena china koma "eya" ndi "iyayi".

Tinapeza akutsegula belo la salaula, zovala zovalidwapo kale zija. Azimayi anali kukankhana ndi kukuwa, awiri anakokerana diresi mpaka linang'ambika. Ndinati ndikankhe wilitcheya tichokepo, koma Ba Dadi anagwira tayala.

Kenako anati, "Frenzy." Anapitiriza pang'onopang'ono, ndi mawu aja ankaphunzitsira Chingerezi m'kalasi: "Ndiko kupenga kwa kanthawi, munthu osatha kudzigwira. Mawuwa anachokera kwa Agiriki. Kwa iwo linali dzina la matenda otupitsa ubongo." Atatero anadzigogoda pamutu n'kuseka.

Ba Joseph, inu monga woyamba kubadwa munalamula kuti tisamawatulutse, ati anthu aziwayang'ana. M'chipinda chotseka makatani chija sanayankhulepo. Lero ayankhula pafumbi, pakati pa phokoso.

Wogulitsa wati Loweruka atsegula belo lina, ndipo ine ndiwatenganso. Ngati alipo wotsutsa, anene pompano.