Mpunga wa kuseri kwa bafa

Poloti yathu ku Machinjiri ili ndi ngodya imodzi yosauma. Tinagula malowa m'chilimwe, ndiye sitinaone kanthu. Mvula itagwa tinapeza kuti kumunsi, kuseri kwa bafa, madzi amatumphuka pansi n'kudikha mpaka nyengo yozizira. Tinayesa chimanga, chinachita chikasu. Tinayesa mbatata, inaola. Tinangowasiyira achule.

Amuna anga atapuma ntchito kufakitale ya ku Ndirande, anatha miyezi akuzungulira nyumba, kukonza zinthu zosawonongeka. Chitseko cha kukhitchini anachichotsa n'kuchibwezeretsa, ndipo chinayamba kulira, pomwe kale sichinkalira. Tsiku lina ndinawapeza ataima pangodya paja, manja kumbuyo, akuyang'ana matope ngati aona m'bale wawo. Anandiuza kuti adzalapo mpunga.

Iwo kwawo ndi ku Nsanje, ndipo anakulira m'minda ya mpunga asanabwere m'tauni kudzafuna ntchito. Ine ndinabadwira ku Zingwangwa. Mpunga ndinkaudziwa uli kale m'beseni pamsika, koma pamenepo ndiye ndinkaudziwa bwino. Mayi anga anandiphunzitsa kutapa pang'ono, kuufumbata, kuupumira mpweya wa m'kamwa, kenako n'kununkhiza. Ukakhala Kilombero weniweni, fungo limabwera lokha. Ndimayang'ananso ngati njere zake zili zazitali ndi zosasweka, ngati mulibe timiyala, ndiponso ngati wogulitsa sanaike wabwino pamwamba pokha. Choncho nditamva za kudzala, ndinati ngati tikuvutika ndi matope, tivutikire Kilombero.

Bambowo anaimbira foni achemwali awo aakulu, amene mpaka lero amalima mpunga kumudzi. Alamu angawo anafika Loweruka lina atanyamula mbewu m'mabotolo a pulasitiki. Asanamwe ndi tiyi yemwe, anavula nsapato n'kukalowa m'matope muja. Anaponda uku ndi uku, anafunsa mwezi umene madzi amaphwa, anayang'ana phiri, kenako anati pamalo amenewa pakufunika Pusa.

Ndinakana. Ndinati Pusa ndimaudziwa, ndi uja ndimaudutsa pamsika, wopanda fungo loti mlendo n'kulimva ali pageti. Iwo anaseka, nati Pusa amacha msanga, madzi asanathawe. Ndi wamfupi, mphepo siugwetsa, ndipo phando limodzi limaphuka ana ambiri. Kilombero amatalika, amachedwa, ndipo kuno kumtunda kuzizira kudzamupeza asanakhwime. Anati kumudzi wonunkhirawo amalima woti agulitse kwa anthu a m'tauni ngati ine ndi woti aphikire alendo pa Khirisimasi, koma wodya ana tsiku ndi tsiku ndi uja wofufuma mumphika, woti kapu imodzi ikhutitse nyumba.

"Alamu, inu mumasankha mpunga ndi mphuno," anatero. "Ife timasankha tikuyang'ana kumwamba."

Komabe anali atabweretsa kabotolo kakang'ono ka Kilombero, kamene anapempha kwa mnzawo, chifukwa ankadziwa mlamu wawo. Amuna anga, pofuna mtendere kwa mkazi ndi kwa mlongo, anaunda kamzere ka dothi pakati pa ngodyayo. Mbali yaikulu inakhala ya Pusa, yaing'ono ya Kilombero. Anafesa nazale ziwiri, ndipo alamu anabwerera kwawo kukasamala minda yawo.

Mbande zitakula, linafika tsiku lowokera. Bambowo anadzuka m'mamawa, anavala kabudula amene ndinali ndisanamuonepo chikwatiwire, n'kulowa m'madzi. Manja ankakumbukira ntchitoyo, koma msana unali utaiwala. Akawokera pang'ono ankaweramuka, n'kugwira m'chiuno, n'kuyang'ana kumwamba ngati akuona nyengo.

Kumtunda kwathu kumakhala mayi wina wogulitsa kaunjika ku Limbe. Tinali titakhala moyandikana zaka zingapo, koma tinkangopatsana moni basi. Ankatuluka m'mawa atavala bwino, nsapato zagogoda, chikwama paphewa, ndipo ine ndinkamuyesa munthu wonyada. M'mawa umenewo anasuzumira pampanda, anayang'ana kanthawi, kenako anauza amuna anga mwaulemu kuti akuika mbande zambiri paphando limodzi, ndiponso akuzimiza kwambiri. Bambowo anayankha kuti ku Nsanje amatero. Mayiyo anati mwina ku Nsanje, koma osati kwawo ku Phalombe, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Ndinamva geti likutseguka. Anaika chikwama pakhonde, anavula nsapato zija, anandibwereka chitenje, n'kulowa m'matope. Dzanja lake linkayenda ngati akusoka. Ku Limbe sanapite tsiku limenelo.

Posakhalitsa anadutsa bambo wina wa mumzere mwathu, mlonda, akuchokera kuntchito ndi njinga yake. Anaima kuti aone chimene chikuchitika, ndipo anapezeka kuti wapinda buluku. Kwawo ndi ku Machinga. Atatero anabweranso bambo amene amatiphunzitsa kwaya kutchalitchi, wa ku Chikwawa, amene anangobwera kudzabwereka wilibala. Onsewa ndinkawaona tsiku ndi tsiku, koma sindinkadziwa kuti anakulira mumpunga.

Malowo ndi aang'ono moti ankagundana zigongono, koma mkangano unali waukulu. Mayi wa kaunjika anati tonse talakwitsa, mpunga ndi Faya: umanunkhira, umakoma ngakhale wopanda ndiwo, ndipo ukagona mumphika m'mawa umakhala wofewabe. Mlonda uja anati kwawo agogo ake ankasunga mtundu wina wokhala ndi ndevu zazitali kungala, woti mbalame zikafuna kujompha zimabayidwa kumaso. Dzina lake anali ataliiwala, ndipo zinamuwawa kwambiri. Bambo a kwaya anati iwo sasamala za fungo, amafuna mpunga wosayoyoka m'munda ukacha, chifukwa anaonapo mayi awo akutola njere pansi dzuwa lili pamutu. Aliyense akafika pofotokoza za kwawo ankasiya Chichewa, wina n'kulowa Chilomwe, wina Chiyao, amuna anga ndi a kwaya n'kugwirizana pa Chisena. Ankamvana ndithu.

Ine ndinaphika tiyi n'kugula mandasi. Kenako anandikakamiza kuti ndiwokere ndekha Kilombero wanga, popeza ndine ndinamufuna. Ndinalowa. Phazi loyamba linamira, lachiwiri linaterereka, ndipo ndinakhala pansi m'madzi, mbande zili m'manja. Mayi wa kaunjika anaseka mpaka anagwira mpanda. Pondidzutsa anagwanso iye. Chinansi chathu chinayambira pamenepo.

Miyezi yotsatira amuna anga anasiya kuvutitsa zitseko. Ankadzuka kukazula udzu, kutseka pamene madzi akuthawira, ndi kucheza ndi anthu odutsa amene ankaima pampanda. Ena ankabwera ndi ana awo kudzawaonetsa kuti mpunga umamera chonchi, suchokera m'thumba. Pusa anatulutsa ngala msanga, monga ananenera alamu, ndipo anaima chilili, wamfupi, wolemera. Kilombero wanga ankangotalika, masamba okhaokha, mpaka anandifika pachifuwa. Bambowo ankangoyang'ana mbali yanga n'kutsokomola.

Kenako zinabwera mpheta. Sindikudziwa amene anaziuza. Bambowo anamanga zitini pachingwe, chingwecho n'kuchikokera mpaka pakhonde, kuti azigwedeza atakhala pampando akumvera wailesi. Masiku oyamba mbalame zinkathawa. Pambuyo pake zinazolowera, zina n'kumatera pachingwe pomwepo. Zikatero ankadzuka okha, n'kuthamanga akukupiza chipewa, munthu woti kufakitale anyamata ankamuopa.

Pusa tinamweta nyengo ikadali yofunda. Kilombero anatulutsa ngala mochedwa, ndipo m'mawa wina ndikupita kukasamba ndinaima panjira. Fungo lija ndimalifunafuna m'manja pamsika linali ponseponse, likuchokera m'munda, mpunga usanapse n'komwe. Ndinaitana mnzanga wa kaunjika, tinaima awiri pamenepo. Iye anati kwawo nyengo ngati imeneyi dambo lonse limamveka choncho, ndipo ukamachokera kusukulu njala imakupweteka kawiri.

Patangopita masiku ochepa kunabwera mphepo ndi mvula yamawawa, ndipo Kilombero yense anagona pansi. Tinamudzutsa n'kumumanga m'mitolo ndi nsanza za zitenje, koma kuzizira kunali kutafika, madzi nawo akuphwa. Ngala zambiri zinali mankhusu okhaokha. Titapuntha ndi kupeta, Pusa anadzaza ndowa zingapo. Kilombero anakwana m'lichero limodzi, osadzaza.

Chigayo cha kwathu ndi cha chimanga chokha, ndiye tinabwereka mtondo. Ndinasinja ndi mphamvu ngati ndikukonola chimanga, ndipo pamene mnzanga amafika kudzandiuza kuti mpunga umafuna dzanja lofatsa, theka linali litasweka kale. Ndinautapa m'manja n'kuuyang'ana. Unali woswekasweka, wina wofiirira, wina wosayera bwino. Ndikanaupeza pamsika sindikanaima n'komwe.

Lamlungu titachoka ku Misa tinaitana onse amene anawokera, pamodzi ndi mabanja awo. Ndinapha nkhuku, ndinaphika nyemba ndi kabichi, ndipo mpunga ndinauphika m'mapoto awiri. Pusa anafufuma mpaka kukankha chivundikiro. Kilombero anali m'kapoto kamene ndimawiritsira mkaka, koma fungo lake linafika kumsewu, moti ana amene ankasewera mpira kumeneko anabwera kudzaima pageti. Aliyense analandira sipuni imodzi ya Kilombero pambali pa mbale, ndi mulu wa Pusa pakati. Mlonda uja anadya Kilombero wakeyo njere imodziimodzi, atatseka maso. A kwaya anawonjezera Pusa kawiri, nati nkhani yatha, wapambana ndi amene wakhutitsa anthu. Mnzanga anati onse awiri ndi abwino, koma tidikire tidzalawe Faya. Ana a pageti aja tinawagawira zotsala m'mbale yaikulu.

Tili pakati pa kudya, amuna anga anaimbira achemwali awo n'kuika foni patebulo kuti tonse timve. Ndinkayembekeza kuti alamu andiseka chifukwa cha Kilombero wogwa uja. Sanafunse n'komwe kuti wakoma ndi uti.

"Mbewu mwasunga?" anafunsa.

Tinayang'anana. Bambowo anati Pusa anasungako botolo lodzaza, lili pamwamba pa kabati. Kenako onse anatembenukira kwa ine. Kilombero ndinali nditasinja yense, mpaka njere yomaliza, ndipo panthawiyo anali m'mimba mwa alendo.

"Ndinadziwa," anatero alamu, akuseka mpaka kutsokomola. "Anthu a m'tauni mumadya ndi mbewu yomwe."

Chilimwe chimenecho mnzanga anapita ku ukwati kwawo ku Phalombe, ndipo anabwerako ndi Faya womanga pakansalu. Mlonda uja naye anatumiza uthenga kumudzi kuti amufunire mpunga wandevu uja, ndipo azakhali ake anaupeza kwa nkhalamba ina ya kutsidya kwa mtsinje. Unafika pa minibasi m'kachitini, pamodzi ndi dzina lake, limene iye analitchula tsiku lonse kwa aliyense wokumana naye. Mvula itayandikira, amuna anga anatenga khasu n'kukagawa ngodya ija patatu: pa Pusa, pa Faya ndi pa wandevu uja. Ine anandipatsa ntchito ya tiyi, ndipo sindinatsutse.