Tsiku limene Wezi sanatembenuke

Makolo ambiri timada nkhawa ndi mwana wolira kwambiri, koma wofatsa timangomuyamikira. Lero sitima ya Ilala italira padoko ndakumbuka inu amuna anga, bambo a Wezi, amene simunkakhulupirira chinthu musanachiyese. Ngakhale usipa wa pamsika munkayamba mwaununkhiza, ogulitsa akukunenani m'Chitonga.

Wezi asanayambe kukwawa, aliyense ankati tili ndi mwayi, mwana sasokosa. Inu nokha munkamuyang'ana mokayika. Tsiku lina tikuchokera ku Chikale, sitima inalira tili pafupi. Ana onse amene anali pamenepo anadzidzimuka, koma iye anangopitiriza kuyamwa chala kumsana kwanga. "Mayi a Wezi, ulemu umenewu wanyanya. Kwathu kulibe wofatsa chonchi," munatero. Ndinati watengera kwathu, koma simunaseke. Titafika kunyumba munaima kumbuyo kwake n'kuwomba m'manja, kenako n'kumenya chivundikiro cha poto. Sanatembenuke. Kuchipatala anapeza kuti samva bwino, ndipo anati tachita bwino kubwera msanga, chifukwa mwana amaphunzira kulankhula kuchokera pa zimene akumva. Pano amavala kachipangizo kukhutu, ndipo amalongolola mpaka aphunzitsi ake kudandaula. Inu munatisiya asanatchule n'komwe kuti "adada".

Anzanga, ngati wanu ndi wofatsa, mwina ndi chibadwa chabe. Komabe lero lomwe taimani kumbuyo kwake pomwe sakukuonani, mumuitane dzina, muone ngati atembenuke kukufunani.