Ndinabwereka Alamu Makutu Anga

Ine ntchito yanga ndi pakamwa. Ndimagulitsa maloko, mahinjesi ndi misomali mu Msika wa Lilongwe, ndipo munthu akangoima pabenchi yanga, ngakhale amangofunsa njira ya kuchimbudzi, amachoka ndi loko m'thumba. Ndiye tsiku limene alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anandipempha kuti ndiwabwereke makutu, ndinaseka. Makutu angawa anali asanagwirepo ntchito, anali ngati katundu wosatsegula.

Alamu ankayendetsa thiraki ya ngolo ziwiri, ina kumbuyo kwa inzake, yotenga feteleza ku Beira. Inkagona payadi ina ku Biwi, mwini wake ankakhala ku Area 12. Ulendo usanayambe alamu anali ndi mwambo wawo. Ankaliza injini mpaka mpweya wa mabuleki udzaze, kenako n'kuizimitsa. Ikazima, aliyense payadipo ankadziwa kuti atseke pakamwa, ngakhale amayi ogulitsa mandasi pageti. Apo alamu ankazungulira ndi kahamala, kugogoda tayala lililonse, lakunja ndi lam'kati lomwe. Lokhuta limayankha mwamphamvu, lanjala limangoti phu. Akafika pamene ngolo yoyamba yagwirana ndi yachiwiri ankawerama, kuona ngati chitsulo chaluma bwino, kenako n'kutchera khutu pa mapaipi a mpweya. Paipi yobooka imalira ngati njoka, ndipo ikakutayira mpweya pamtsetse, ngolo yakumbuyo imachita zofuna zake.

Tsono makutuwo anayamba kufa. Achemwali ndiwo anayamba kudandaula kuti wailesi kunyumba ikusokosera mpaka aneba. Kutchalitchi alamu ankayankha ameni anzawo atakhala kale pansi. Kwa anthu ankati ndi chimfine, koma ine anandiuza zoona, tili kuseri kwa benchi yanga: phokoso la injini la zaka zambiri lawadya makutu. Abwana asadziwe, ana akadali pasukulu, ndipo ntchito ina iwo saidziwa. Chomwe ankafuna n'chakuti pa tsiku lonyamuka ndiziyenda pambuyo pawo, ndizimvetsera.

Chizolowezi sichichoka, ndinafunsa kuti langa phindu n'chiyani pamenepa. Tinamvana pa mbatatesi ya ku Dedza pobwerera. Ndinayesa kuwonjezera anyezi, anakana.

Tinachita zimenezi nyengo yonse yozizira. Payadi ndinkanamizira kuti ndabwera kudzatsatsa maloko. Alamu akagogoda tayala ankandiyang'ana cham'mbali, ine n'kugwedeza mutu. Chovuta sichinali kumva ayi, chinali kukhala chete pakati pa anthu onsewo, wina aliyense ali ndi chitseko kwawo chofuna loko.

M'mawa wina wa mphepo ndi fumbi, injini itangozima, ndinaimva njoka ija tikadali patali. Inkalira pansi pa paipi ya ngolo yachiwiri. Alamu anafika pomwepo, anawerama, khutu kutsala pang'ono kukhudza paipiyo, ndipo anakhala choncho kanthawi. Kenako anaweramuka, n'kunena mokweza kuti zili bwino, osandiyang'ana n'komwe. Mwina tsikulo ankafuna kudziyesa okha. Ndinawagwira mkono, n'kulowetsa dzanja lawo kunsi kwa paipi. Mpweya unawawomba pachikhatho. Sanalichotse msanga dzanjalo.

Makaniko anasintha paipi mosavuta, koma alamu sanakwere. Anakhala pa tayala lakutha pafupi ndi mpanda, kahamala kali pakati pa mapazi. Ine ndinayamba malonda anga. Ndinati ndiye chifukwa chake ndimabwera, vuto lili pati. Ndinati angathe kumapaka thovu la sopo pa mapaipi, pobooka pazioneka ndi maso. Ndinatchula geji yoonetsa mpweya ya kutsogolo kwa dalaivala, ndinatchula timakina ta m'makutu timene ndinamva kuti timapezeka kuchipatala. Anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Alamu, inu mumathera pageti pano," anatero. "Ku Beira ndikanyamuka ndekha. Ngolo yakumbuyo ija sioneka yonse pagalasi, makamaka pokhota. Ndimaiyendetsa ndi khutu. Tayala likadzaphulika kumeneko, ndidzauzidwa ndi anthu olira."

"Nanga ana azidya chiyani?" ndinafunsa.

"Mwati chiyani?"

Sindinabwereze.

Tsiku lomwelo tinakwera minibasi, kwinako tinayenda wapansi mpaka ku Area 12. Mlonda anatisiya kunja kwa geti nthawi yaitali, agalu akutinunkhiza pansi pa chitsulo. M'kati kapinga anali wobiriwira ngati mvula imagwa kwa iwo okha. Abwana anatilandira pakhonde. Alamu anafotokoza zonse, ngakhale za ine ndi maloko anga abodza, n'kuika makiyi patebulo.

Pamenepo ndinanenerera kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga. Ndinayambira pamwamba, kuti awasunge payadi aziphunzitsa madalaivala atsopano kuyendera galimoto. Ndinatsika, ndinati aziyang'anira pokweza katundu ndi pomanga zingwe. Ndinatsikanso mpaka pa ulonda. Abwanawo sanali munthu woipa, anamvetsera, anatiitanitsira tiyi, anayamika alamu kuti sanawagwetserepo ngolo. Pa za ulonda anangofunsa mofatsa kuti mlonda wosamva angamve bwanji akuba. Zinazo anati aganizira. Mawu amenewo ndimawamva tsiku ndi tsiku pabenchi, ndipo amene amawanena sindimawaonanso. Tisanamalize tiyi anali kale pafoni, kufunafuna wina woti anyamuke ndi thiraki ija.

Misewu ya kumeneko sanaipangire oyenda pansi. Mbali zonse ndi mipanda italiitali, ndiye umayenda m'mphepete mwa phula. Pobwerera alamu anali patsogolo, manja kumbuyo, ine ndikutsatira. Galimoto ina inatulukira kumbuyo kwathu, inaliza hutala, inalizanso. Iwo anangopitiriza kuyenda. Ndinawakoka malaya mwamphamvu mpaka batani linathothoka, galimotoyo n'kudutsa, dalaivala wake, mnyamata woti angakhale mwana wawo, akutukwana pazenera.

Alamu anaiyang'ana mpaka inakhota. Anatola batani lawo, kulipukuta, kuliika m'thumba. Ndinawasunthira mbali ya ngalande, ine ndinatenga mbali ya msewu. Ndinkayembekeza kuti akana, kuti andiuza kuti msewu amaudziwa kuposa ine. Sanakane.