Mchombo wa Tadala walowa m'dothi lathu

Moni nonse ana anga, ine lero ndavina mpaka bondo lalira!

Paja nyumba ya mwana wanga Esnart kuno kunja ku Springburn anagula makoma okha, malo ake anali a mzungu wina, ife tinkangobwereka. Lero m'mawa loya waimba foni kuti mapepala atha, dothi ndi lathu. Lathu, lathu, ndi nyongolotsi zomwe!

Ine pomwepo liwiro ku sutikesi. Mchombo wa mdzukulu wanga Tadala ndinaumanga pakansalu chibadwire, zaka zinayi. Ndinkakana kuukwirira m'dothi la eni, kuopa mwana angakule ngati mlendo.

Khasu kuno kulibe, ndiye ndakumba ndi supuni yaikulu kuseri kwa nyumba, mvula ili waa. Esnart akuti, "Amayi, maneba akukuonani!" Ndati andione, ndikukumba pakhomo panga. Tadala wafunsa ndi Chingerezi chake chothamangacho ngati tikuika maliro a mbewa. Ndati iyayi mwanawe, tikudzala iweyo.

Tsono achimwene a Gilbert, inu munkati mchombowu ndibwere nawo ku Ntcheu. Ndalakwa kodi? Nenani msanga, dothi likadali lofewa.