A Stanislaus ndi matayala a ku Halale

A Stanislaus anakwatira m'mudzi mwathu kufupi ndi Nsaru mu 1954, atangobwera kuchokera ku Halale. Kumeneko akuti ankayendetsa kagalimoto ka mano awiri konyamula mabelo a fodya m'nyumba ya katundu. Ankakatchula kuti fokolifiti, ndipo ngakhale pamaliro ankapeza mpata wokatchula.

Ukamwini unkawanyansa. Munthu woti anagwirapo chiwongolero azipalira munda wa apongozi? Choncho anapempha chitengwa, kuti apite ndi mkazi wawo Dainess kwawo ku Kabudula. A Bester, atsibweni ake a Dainess, sanachulutse mawu.

"Mutifikitsire fodya wa chaka chino kumsika ali bwinobwino. Mukatero, mkazi mutenga."

A Stanislaus anakhoma ngolo. Anzawo a ngolo ankagula matayala akutha a lole, aatali, opopa. Iwo anatulutsa awo awiri a fokolifiti ochokera ku Halale, aafupi osafika m'bondo, mphira yokhayokha mpaka m'kati. Ngoloyo itatha, inkaoneka ngati yagwada.

"Amenewa saphulika," ankauza aliyense wodutsa. "Minga, misomali, amangoponda. Anu aja ndi mpweya chabe."

"Akamwini, kodi ku Halaleko kuli madambo?" anafunsa a Bester.

"Kuli simenti, bambo. Anthu anatsogola kumeneko."

"Eti. Kuno ndiye simenti yathu imamera udzu."

Tsiku la msika ndinali kudimba limene anandisiyira malemu amuna anga, m'mphepete mwa njira yodutsa padambo. Unali mwezi wa Meyi, pansi pasanaume. Ngolo ya munthu wina inadutsa, matayala ake n'kungosiya mizere. Kenako anafika a Stanislaus atavala nsapato ndi chipewa, ng'ombe zili zobwereka, Dainess ndi mayi ake akutsatira pambuyo.

Timatayala tawo tinalowa m'matope ngati zikhomo, mpaka thabwa la pansi linakhala pathope. Mwamunayo sanatsitse katundu. Anayamba kukwapula ng'ombe, akuzikalipira m'Chilapalapa, chinenero chimene ng'ombe za kuno sizinaphunzire. Zinakokera cham'mbali, ngolo n'kupendekeka, fodya yense khuthu m'madzi akuda.

Dainess ndi mayi ake anakwinya nsalu n'kulowa kukavuula. A Stanislaus anaima pachulu, akuloza ndi chikwapu pamene patsala mtolo, kuopa kunyowetsa nsapato. Atafika naye fodyayo kumsika, wogula anangonunkhiza tsamba limodzi n'kuwabweza.

Madzulo ake a Stanislaus anakayambabe nkhani ya chitengwa, ati cholakwa chinali dambo.

"Njira ya ku Kabudula ili ndi madambo ambiri kuposa iyi," anatero a Bester. "Fodya tayanika. Nanga mwana wathu mukakamukhuthula, tikamuyanika pati?"

A Stanislaus ananena kuti mudzi wathu ndi wotsalira, ndipo sangakalambiremo. Anauza Dainess kuti amange katundu, azipita osatsanzika. Dainess anamangadi, koma wa mwamuna yekha. Anawasenzera mpaka pamsewu wa lole, n'kubwerera kukatembenuza masamba amene anali asanavunde.